Phunziro: Sitima Yoyenda ndi Nambala ya Ndege

Ophunzira, lero tiona mmene makampani a ndege amagwirizanira ndi makampani a sitima zapamtunda, ndipo chitsanzo chathu ndi dziko la Germany.

Tiyambe ndi vuto lomwe linalipo. Bwalo la ndege la Frankfurt ndi lalikulu kuposa onse m'dzikolo, ndipo ndege iliyonse imapatsidwa nthawi yake yoterera ndi yonyamukira. Nthawi zimenezi n'zoperewera. Kandege kochokera ku Cologne, mzinda wapafupi, kankadya mpata womwe ikanagwiritsa ntchito ndege yaikulu yopita ku New York. Komanso maulendo aafupi amawononga mafuta, pakuti ndege imamwa kwambiri pamene ikukwera m'mwamba.

Mu 1999 anatsegula siteshoni ya sitima zoyenda mitunda italiitali pabwalo pomwepo. Mu 2002 njanji yatsopano yolumikiza Cologne ndi Frankfurt inayamba kugwira ntchito, ndipo sitima za ICE zimathamangapo makilomita 300 pa ola. Ulendo unangotenga pafupifupi ola limodzi. Pofika 2007, kampani ya Lufthansa inasiya kuulutsa ndege pakati pa mizinda iwiriyi.

Tsono tcherani khutu, chifukwa phata la phunziro lathu lili apa. Njanji payokha si mgwirizano ayi. Mgwirizano uli pa tikiti. Pa dongosolo lotchedwa Lufthansa Express Rail, lomwe Lufthansa imayendetsa pamodzi ndi kampani ya njanji ya Deutsche Bahn, munthu amagula tikiti imodzi ya ulendo wonse. Sitima imapatsidwa nambala ya ndege, ndipo siteshoni imakhala ndi zilembo zitatu monga bwalo la ndege: ya Cologne ndi QKL. Wapaulendo amakwera sitima ndi katundu wake n'kukaupereka akafika pabwalo. Sitima ikachedwa, ndege n'kumusiya, kampani imamuika pa ndege ina popanda kulipira kena kalikonse. Ichi n'chimene ine ndimachiyamikira kwambiri, chifukwa mlandu wa kuchedwa sukhala pamutu pa munthu yemwe sanalakwe.

Musasokoneze zimenezi ndi tikiti ya Rail&Fly. Iyi ndi tikiti ya sitima yotsika mtengo yongokufikitsa kubwalo, sitima yokwera umasankha wekha, ndipo kawirikawiri ukaphonya ndege umadzionera wekha.

Maiko enanso akuchita zofanana. Air France imagwirizana ndi kampani ya njanji ya SNCF, ndipo mu 2023 dziko la France linaletsa ndege zochokera kubwalo la Orly ku Paris kupita ku Lyon, Nantes ndi Bordeaux, kumene sitima imafika pasanathe maola awiri ndi theka. Mu 2022 Deutsche Bahn inakhala kampani yoyamba ya njanji kuchita ubale ndi gulu la makampani a ndege la Star Alliance.

Tsiku lina mukadzagula tikiti ya mtundu umenewu, musanalipire funsani kaye kuti sitima ikachedwa, ndege ina alipira ndani.