Kuchokera ku Napoli mpaka ku Sicilia: Njira ya Masiku 10

Kumwera kwa Italy kuli malo amene sitima yapamtunda imakwera sitima yapamadzi. Ndinadzionera ndekha pa Villa San Giovanni: mabogi akulekanitsidwa, kukankhiridwa m'mimba mwa chombo ife tili momwemo, kenaka madzi n'kuyamba kutinyamula. Amene amauluka pa ndege kuchokera ku Napoli kukatera ku Palermo amaphonya zimenezi. Ndiye langizo langa lalikulu n'lakuti dera limeneli muliyende pansi ndi pamadzi, mosathamanga, ndipo tsiku lililonse muzionako mabwinja a malo amodzi okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musananyamuke

Pamafunika viza ya Schengen, ndipo pofunsira amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera ma euro 30,000. Miyezi yabwino ndi Epulo, Meyi, kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala. Julayi ndi Ogasiti muwapewe: pa 11 Ogasiti 2021, kufupi ndi Siracusa kunatentha kufika madigiri 48.8, ndipo m'mabwinja ambiri mulibe mthunzi. Tengani chikwama chimodzi chopepuka, chipewa, botolo la madzi ndi nsapato zimene mapazi anu anazizolowera kale. Tikiti yapepala ya sitima zam'deralo muziidinditsa pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere, apo ayi mulipira chindapusa. Pakagwa vuto, imbani 112.

Tsiku 1 ndi 2: Napoli

Napoli ndi mzinda waphokoso, wa tinjira topanikizana, zovala zitayanikidwa m'mwamba ndipo njinga zamoto zikudutsa mokhudza chigongono. Yendani wapansi mumsewu wa Spaccanapoli, umene umang'amba mzinda wakale pakati, mudye pizza yotuluka kumene mu uvuni wa nkhuni. Chikwama chizikhala kutsogolo m'malo othithikana, chifukwa opisa m'matumba sasowa.

Tsiku lachiwiri lipite ku Museo Archeologico Nazionale. Zambiri zokongola zimene zinafukulidwa ku Pompei zili m'nyumba imeneyi: zithunzi za m'makoma, ziwiya zakukhitchini, zipangizo za madokotala. Mukaziona kaye, nyumba zopanda kanthu zimene mukazione mawa lake zimakhala ndi tanthauzo. Lachiwiri la sabata iliyonse nyumbayi satsegula.

Tsiku 3: Pompei

Pansi pa siteshoni yaikulu, pa Piazza Garibaldi, kwerani sitima ya Circumvesuviana yopita ku Sorrento, mutsike pa Pompei Scavi patatha mphindi pafupifupi 40. Tikiti yolowera muigulirenetu pa intaneti, chifukwa kuyambira mu Novembala 2024 amalola anthu 20,000 okha patsiku. Fikani geti likungotsegulidwa kumene. Ine ndinalowa dzuwa lili paliwombo, ndipo pofika ola lachitatu miyala inali ikutentha kudutsa m'nsapato.

Phiri la Vesuvio linaphulika m'chaka cha 79, n'kukwirira mzindawu ndi phulusa ndi timiyala. Ntchito yofukula inayamba mu 1748. Musalimbane n'kuona nyumba iliyonse, yang'anani pansi. M'misewu muli miyala ikuluikulu yopondapo powoloka, kuti anthu asamaponde madzi onyansa, ndipo pakati pa miyalayo mudakali mikwasa imene mawilo a ngolo anakumba. M'mbali muli malo ogulitsira zakudya, mitsuko yake itamangiriridwa m'tebulo lamwala, komanso mphero ndi mauvuni a ophika buledi. Ndinaika dzanja pakamwa pa mtsuko umodzi, posalala chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndipo ndinazindikira kuti kuno kunali anthu odzuka m'mawa kukasaka chakudya ngati ife.

Mudzaonanso matupi. Mu 1863, Giuseppe Fiorelli anayamba kuthira pulasitala m'mphako zimene mitembo inasiya m'phulusa, ndipo munatuluka maonekedwe a anthu monga anagwera. Pamenepo ndi pamanda, tsitsani mawu.

Amene miyendo imawavuta asankhe Ercolano, panjanji yomweyo. Ndi kochepa, ndipo matabwa a nyumba zina adakalipo, atasanduka makala.

Tsiku 4: Paestum

Kagoneni ku Salerno, mukwere sitima m'mawa. Patatha mphindi pafupifupi 40 mutsike pa Paestum, muyende pang'ono, ndipo akachisi atatu a Agiriki adzangotulukira pakati pa udzu. Mzindawu unakhazikitsidwa cha m'ma 600 Khristu asanabadwe, dzina lake lili Poseidonia. Alendo sachuluka ngati ku Pompei, moti mutha kukhala patsinde pa mzati n'kumamva mbalame zokha. M'nyumba ya zakale yapomwepo funsani chivundikiro cha manda chimene chinapezeka mu 1968, chojambulidwa mnyamata akudumphira m'madzi. Musachoke musanalawe tchizi ya mozzarella ya mkaka wa njati zoweta za m'chigwachi.

Tsiku 5: Kuwoloka

Pa Salerno kwerani Intercity yopita ku Siracusa, ulendo wa maola pafupifupi 8. Khalani kudzanja lamanja kuti nyanja ikuperekezeni m'Calabria monse. Onetsetsani nambala ya bogi yanu, chifukwa pa Messina sitimayi imagawika: mbali ina ya ku Palermo, ina ya ku Siracusa. Mukakayika funsani, safunsa anadya phula.

Pa Villa San Giovanni, mabogi akalowa m'chombo, tengani ndalama ndi pasipoti, muloweze pamene bogi yanu yaima, mukwere masitepe mpaka pamwamba. Pamene papanikizana kwambiri, madziwa ndi a makilomita atatu okha, ndipo kuwoloka kwenikweni kumatenga pafupifupi theka la ola. Gulani arancino, mpunga woumba ngati mpira n'kuukazinga, mudyere panja mphepo ikuwomba. Kutsogolo kudzaoneka chipilala cha Madonna pakhomo la doko la Messina, mzinda umene unamangidwanso chivomezi cha pa 28 Disembala 1908 chitaugwetsa.

Owerenga Baibulo amawadziwa madzi amenewa. Pa Machitidwe 28, Paulo pochokera ku Malta anaima masiku atatu pa Siracusa, n'kufika pa Reggio, kutsidya kwa Messina, kenaka n'kukatsikira pa Pozzuoli pafupi ndi Napoli. Inu mukutsata njira yomweyo mobwerera.

Kuchoka pa Messina, njanji imatsata gombe, kudutsa m'munsi mwa Taormina ndi m'minda ya mandimu. Phiri la Etna, loposa mamita 3,300, lalitali kuposa Sapitwa, limaoneka likufuka utsi.

Tsiku 6 ndi 7: Siracusa

Pezani malo ogona pa Ortigia, kachilumba kolumikizidwa ndi milatho. Anthu a ku Korinto anakhazikitsa mzindawu cha m'ma 734 Khristu asanabadwe, ndipo Archimedes anali wakuno. Lowani m'tchalitchi chachikulu muyang'anitsitse makoma: mizati ya kachisi wa Athena idakali chilili mkati mwake. M'mawa wotsatira pitani ku Neapolis, kumene kuli bwalo la zisudzo losemedwa m'thanthwe ndi phanga lotchedwa Khutu la Dionysius, limene limakuza ngakhale kunong'ona.

Tsiku 8: Agrigento

Pitani ku Catania, mukakwere basi yopita ku Agrigento, ulendo wa maola pafupifupi atatu. Ku Valle dei Templi lowani dzuwa litapendeka, miyala ikamasanduka yofiirira ngati uchi. Kachisi wa Concordia, wa m'ma 430 Khristu asanabadwe, wasungika bwino chifukwa pambuyo pake anamusandutsa tchalitchi.

Tsiku 9 ndi 10: Palermo ndi sitima yausiku

Sitima yapamtunda imatenga maola awiri kukafika ku Palermo. Zungulirani msika wa Ballarò, kumene ogulitsa amaitanira malonda ngati akuimba, ndiponso Cappella Palatina, kumene luso la Aluya, Agiriki ndi Anormani linakumana m'nyumba imodzi. Polowa m'matchalitchi, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa.

Pobwerera kwerani sitima yapamadzi yonyamuka madzulo n'kukafika ku Napoli m'mawa, patatha maola 10 kapena 11. Fikani padoko nthawi idakalipo yambiri, pasipoti ili pafupi. Ngati thumba likulola, lipirani kachipinda kogona. Ngati ayi, tengani chofunda, chifukwa pamipando pamazizira. Amene mafunde amawachititsa nseru amwe mankhwala sitima isananyamuke. Aliyense amene anagonapo mu Ilala sadzaona chachilendo pa kunjenjemera kwa injini usiku wonse.

Tchererani alamu kusanache, muvale juzi, mukwere pamwamba. Capri amadutsa ngati mthunzi kudzanja lamanja, kenaka Vesuvio amatulukira kum'mawa, magetsi a Napoli akuzima limodzilimodzi. Musiye maola okwanira pakati pa kufika kwa sitimayo ndi ndege yanu, chifukwa nyanja ikawinduka ndondomeko imasintha.