Ndani Atsogole Gule? Mafunso ndi Mayankho pa Ntchito ya a Jen Blackwell

Ku England kuli mayi wina, a Jen Blackwell, amene anabadwa ndi Down syndrome. Ntchito yawo ndi kuvina ndi kutsogolera ena povina. Ambiri akamva zimenezi amagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima muli mafunso. Tiwafunse poyera.

Kodi a Jen Blackwell anachita chiyani kuti tiziwanena?

Kwawo ndi ku Lancashire, kumpoto chakumadzulo kwa England. Anaphunzira sukulu wamba pamodzi ndi ana ena onse, ndipo potuluka anali atadziwa kale chimene mtima wawo ukufuna: kukhala mtsogoleri wa magule m'dera lawo. Iwo ndi mayi awo, a Sue, anatha zaka 10 akusakasaka kumene angaphunzire ntchitoyi, osapeza malo owayenera. Mu 2009 analeka kupempha, n'kuyambitsa gulu lawolawo lotchedwa DanceSyndrome, lomwe mu 2013 linalembetsedwa m'kaundula wa mabungwe othandiza anthu. Mu 2023 a Jen anapatsidwa mendulo ya British Empire Medal.

Ulumali umenewu ndi wotani? Si misala?

Ayi, si misala, ndipo si matenda oti munthu amwe mankhwala achire. Ndi ulumali wa kaphunziridwe: munthu amabadwa nawo kapena umayamba ali wakhanda, ndipo amakhala nawo moyo wake wonse. Chinthu chachilendo amachedwa kuchigwira. Kuwerenga, kusunga nthawi, kuwerengera ndalama, zonsezi zimafuna womuthandiza, ena pang'ono, ena kwambiri. Bungwe la Mencap limati ku United Kingdom kuli anthu otere pafupifupi 1.5 miliyoni.

Down syndrome ndi gwero limodzi chabe la ulumaliwu. Ambirife tili ndi ma chromosome 46 m'selo iliyonse ya thupi. Wa Down syndrome ali nawo 47, chifukwa pa nambala 21 pali atatu m'malo mwa awiri. N'chifukwa chake tsiku lowakumbukira padziko lonse linaikidwa pa 21 Malichi, mwezi wachitatu. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku England, John Langdon Down, amene anafotokoza zizindikiro zake mu 1866, ndipo gwero lake linadziwika ku France mu 1959. Palibe amene analodza, palibenso chimene mayi analakwa ali woyembekezera.

Munthu wochedwa kuphunzira angasunge bwanji gule wathunthu m'mutu?

Funsoli likuganiza kuti gule amasungidwa m'mutu mokha. Mtsikana wa kumudzi amadziwa chitelele popanda buku kapena bolodi: amaona, amatsanzira, amalakwitsa, mawa abwerezanso, mpaka miyendo ikudziwa yokha. Njira imeneyi ndi yotseguka kwa wovina wa ulumali wa kaphunziridwe. Chimene chimamutsekereza ndi mphunzitsi wolankhula zambiri nthawi imodzi, wofuna kuti zonse zigwidwe lero.

Magulu amene azolowera ntchitoyi amadula gule m'zigawo zing'onozing'ono. Amaonetsa m'malo mofotokoza. Chigawo chilichonse amachipatsa dzina kapena chithunzi chosavuta kukumbuka, ndipo amajambula vidiyo kuti wovina akaonerenso kunyumba. Chinanso chachikulu n'chakuti mavinidwe ambiri amachokera kwa wovinayo mwini. Amamuikira nyimbo kapena kumupatsa ganizo, iye n'kuyamba kusuntha mmene thupi lamuuzira, kenaka amasankha pamodzi zoti zisungidwe. Chimene munthu wapeka yekha sachiiwala msanga.

Zonsezi zimadya nthawi. Gule amene ena angamukonze m'masabata ochepa angatenge miyezi, ndipo tsiku lililonse lokonzekera ndi ndalama ya holo ndi ya aphunzitsi. Pamenepa m'pamene pali vuto lenileni.

Nanga thupi? Palibe choopsa?

Pali zoyenera kusamala. Ambiri a Down syndrome ali ndi minofu yofewa ndi mfundo za mafupa zolekerera, motero amapinda thupi mosavuta modabwitsa. Mphunzitsi wosadziwa amakondwera nazo n'kumawakankhiza kuti apinde koposa, chikhalirecho chofunika ndi kulimbitsa minofu yogwira mfundozo. Ochepa amakhala ndi mafupa a pamwamba pa khosi osakhazikika bwino, ndipo kuima chadodolido kapena kugubuduka chamutu kumafuna uphungu wa dokotala. Pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima. Wotsogolera gule ayenera kudziwa za aliyense payekha asanayambe kudumphitsa anthu.

Gule wa anthu onse amasiyana bwanji ndi kungowasangalatsa olumala?

Yang'anani amene waima kutsogolo. Kwa zaka zambiri ku Britain anthu a ulumali wa kaphunziridwe ankasungidwa m'zipatala zazikulu, ena moyo wawo wonse, ndipo zipatalazo zinayamba kutsekedwa mwamphamvu cha m'ma 1980. Atatuluka anapeza malo ochezerako masana. Kumeneko kuvina kunalipo ndithu, koma kunali chinthu chowachitira: wina wabwera ndi wailesi, iwo atsatire, nthawi ikakwana apite.

DanceSyndrome inatembenuza zimenezi. Kalasi imatsogoleredwa ndi anthu awiri, mtsogoleri wa ulumali ndi katswiri wa magule, ndipo amakonzera limodzi zimene achite tsikulo. Pali maphunziro otchedwa Dance By Example, ophunzitsa anthu olumala ndi osalumala kutsogolera kalasi: kulandira anthu, kutenthetsa thupi, kuona amene watsalira, kusintha kavinidwe kuti aliyense alowemo. Wa pa njinga ya olumala amachita ndi manja ndi mapewa chimene mnzake akuchita ndi miyendo, ndipo palibe amene akunenedwa kuti walakwitsa. M'chipinda chimodzi mumapezeka olumala, osalumala, owasamalira ndi makolo, onse ali m'bwalo, palibe wokhala pampando kumangolondera.

Mliri wa Covid-19 utatseka maholo mu 2020, makalasiwa anasamukira pa intaneti, ndipo anafika kwa anthu amene sakanatha kuyenda ulendo wa ku Lancashire.

Tinene zoona: oonerera samangowomba m'manja chifukwa cha chisoni?

Nthawi zina ndi choncho, ndipo n'kunama kukana. Alipo oonerera amene misozi imayamba kulengeza gule asanayambe n'komwe. Kuwomba m'manja kotero kumapweteka wovina amene wakhetsa thukuta miyezi yambiri, pakuti kukumuuza kuti ngakhale akanavina mwaulesi akanalandira zomwezo.

Mankhwala ake ndi kukaima kumene anthu amalipira tikiti ndipo ali ndi kwina kopita. Mu 2017 DanceSyndrome inakavina ku Edinburgh Festival Fringe, ku Scotland, kumene zionetsero masauzande zimalimbirana oonerera mwezi wa Ogasiti. Sali okha pa njirayi. Corali ya ku London yakhala ikupanga magule ndi ovina a ulumali wa kaphunziridwe kuyambira 1989, Anjali kuyambira 1995. Ku Stopgap Dance Company ya ku Farnham kuli a Chris Pavia, nawonso a Down syndrome, amene analowa m'gululi mu 1997, ndipo gule amene anapeka, The Awakening, anayenda m'madera osiyanasiyana a dzikolo mu 2014. Munthu wotere ayenera kuuzidwa pamene gule wake watalika kapena wazizira, monga auzidwira wopeka aliyense.

Sizikhala kuti wina wosalumala akuchita zonse mseri, dzina lokha n'kukhala la wolumalayo?

Zingachitike, ndipo gulu lililonse liyenera kudzifunsa kawirikawiri. Thandizo palokha silolakwika. A Jen sakanayendetsa okha maakaunti a bungwe, koma ndi angati opeka magule amene amadzilembera okha makalata opempha ndalama? Poyesera pake ndi apa: wovina akati "pano sindikufuna choncho", kodi gule amasintha? Wothandiza wabwino amafunsa, kenaka amadikira yankho ngakhale lichedwe. Ambiri amalephera pa kudikirako, amamumalizira mnzawo mawu.

Kodi ntchitoyi ili ndi malipiro?

Kwa ochepa. Ku England, mwa akuluakulu a ulumali wa kaphunziridwe amene amathandizidwa ndi makhonsolo, pafupifupi 5 okha pa 100 aliwonse ndiwo ali pa ntchito yolipidwa. M'magule zinthu sizipepukirapo. A Pavia ndi wantchito wa kampani yawo, koma atsogoleri ambiri a magule a m'madera amagwira mongodzipereka. Ulemu umene DanceSyndrome inalandira mu 2019, Queen's Award for Voluntary Service, ndi wa ntchito yodzipereka yomweyo.

Palinso mantha a mabanja kuti malipiro a apo ndi apo angasokoneze ndalama imene boma limapereka kwa wolumala. Boma lili ndi ndondomeko ya Access to Work, yomwe ingalipire womuthandiza pa ntchito kapena mayendedwe, koma mafomu ake amafunanso wina wowadziwa. Kuyambira 2023 DanceSyndrome ili m'gulu la mabungwe amene Arts Council England imawapatsa ndalama ya zaka zingapo, zomwe zimalola kukonzekera patali m'malo mopempha chaka ndi chaka.

Ndipo pali ntchito ina yosalembedwa paliponse: kholo loyendetsa galimoto kupita kokonzekera, kudikira panja, kukumbutsa za zovala ndi tsiku la chionetsero. A Jen anali ndi makolo amene anatha kuyambitsa nawo bungwe. Anzawo ambiri a luso lofanana alibe wowaperekeza ngakhale ku kalasi ya Loweruka.