Nambala za Matenda pa Bilu ya Chipatala: Mafunso a Omvera pa Vuto la Kufooka kwa Abambo

Pologalamu ya zaumoyo ya sabata ino ikuyankha makalata anayi okhudza vuto la kufooka kwa abambo, komwe ndi kulephera kwa chida cha mwamuna kudzuka kapena kukhalabe cholimba pogonana, makamaka momwe vutoli limalembedwera pa bilu ya chipatala ndi momwe makampani a inshuwaransi amalipirira chithandizo chake. Mayina a eni makalata sakutchulidwa, ndipo akuyankha ndi katswiri wa kalembera wa matenda m'zipatala.

Funso loyamba: Bambo wina wogwira ntchito ku Johannesburg akufunsa tanthauzo la N48.4, yomwe dokotala anailemba pa bilu yopita ku bungwe lawo la medical aid.

Yankho: Nambalayi ikuchokera mu ICD-10, womwe ndi mndandanda wa matenda onse wokonzedwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo mmenemo nthenda iliyonse ili ndi chilembo ndi nambala yake kuti dokotala, chipatala ndi olipira azimvana popanda kufotokozerana nkhani yonse. Ku South Africa, kuyambira chaka cha 2005, bilu yopita ku medical aid imayenera kukhala ndi nambala yotere. N48.4 ikutanthauza kufooka kochokera m'thupi, monga m'mitsempha ya magazi, pomwe kufooka kochokera m'maganizo, monga nkhawa, kumalembedwa F52.2. Mndandanda watsopano wa ICD-11, womwe unayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, unaika vutoli pa HA01.1 ndipo unasiya kuligawa pawiri, popeza mwa abambo ambiri thupi ndi maganizo zimayendera limodzi.

Funso lachiwiri: Mayi wina wokhala ku United States akuti amuna awo, omwe ali ndi matenda a shuga, anakanidwa ndi inshuwaransi pa bilu yolembedwa N52.9, ndipo akufunsa ngati pali chomwe angachite.

Yankho: Dziko la United States limagwiritsa ntchito mndandanda wakewake, ICD-10-CM, kuyambira pa 1 October 2015, ndipo gulu la N52 limafuna kuti gwero la vuto lionekere. N52.01 ndi ya kuchepa kwa magazi olowa m'chida, N52.2 ndi ya kufooka kobwera ndi mankhwala omwe munthu akumwa, N52.31 ndi ya kufooka kodza pambuyo pa opaleshoni yochotsa prostate, pamene N52.1 ndi ya kufooka kobwera ndi nthenda ina, ndipo lamulo lake ndi lakuti nthenda yoyambitsayo ilembedwe patsogolo. N52.9 imangonena kuti vuto lilipo osatchula gwero, choncho ngati dokotala anapezadi kuti shuga ndiye wabweretsa vutoli, n'koyenera kuti nambala ya shuga itsogole ndipo N52.1 itsatire. Bilu imakhalanso ndi nambala ya mtundu wina yotchedwa CPT, yosamalidwa ndi American Medical Association, yomwe imanena ntchito yomwe yagwiridwa, monga 93980 ya kuunika mitsempha ya magazi ya m'chida. Olipira amayang'ana ngati nthenda yolembedwayo ikupereka chifukwa chokwanira cha ntchitoyo, ndipo zikapanda kugwirizana amakana. Banjali lipemphe kalata yofotokoza chifukwa chokanira, lipite nayo ku ofesi ya mabilu ya chipatalacho, kenako lipange apilo nthawi yoikidwa isanathe.

Funso lachitatu: Bambo wachikulire wa ku United States akudabwa kuti nambala ili bwino koma mapiritsi akugula okha.

Yankho: Nambala yolondola siikakamiza inshuwaransi kulipira chinthu chomwe mgwirizano wake unachisiya kunja. Mankhwala a sildenafil, omwe anavomerezedwa m'chaka cha 1998 ndi dzina la Viagra, salipiridwa ndi Medicare Part D, gawo la mankhwala la inshuwaransi ya boma ya okalamba, ngati aperekedwa chifukwa cha kufooka, ndipo kuyambira July 2015 Medicare inasiyanso kulipira kachipangizo kokoka magazi ndi mpweya. Komabe opaleshoni yoika kachipangizo m'kati mwa chida, monga ya CPT 54405, imalipiridwa madokotala akatsimikiza kuti ndi yofunika. Ku England zinthu n'zosiyana, chifukwa m'chaka cha 2014 bungwe la NHS linachotsa malire omwe linaika pa sildenafil wotchipa wopangidwa ndi makampani ena. N'chifukwa chake wodwala ayenera kuwerenga mgwirizano wake asanayambe chithandizo.

Funso lachinayi: Womvera wina akufunsa ngati n'kololedwa kupempha dokotala kuti alembe nthenda ina, pofuna kupewa manyazi komanso kuti inshuwaransi ilipire.

Yankho: Kulemba nthenda yomwe munthu alibe pofuna kulandira ndalama ndi chinyengo, ndipo kungathe kulandidwitsa dokotala chiphaso chogwirira ntchito. Choopsa kwambiri n'chakuti fayilo ya wodwala imasocheretsa dokotala wina amene adzaiwerenge mtsogolo. Mwachitsanzo, sildenafil akakumana ndi mankhwala a mtima a gulu la nitrates, kuthamanga kwa magazi kumatsika kwambiri moti munthu angathe kumwalira, kotero dokotala wa mtima ayenera kudziwa zoona. Kuwonjezera apo, mitsempha ya m'chida ndi yaing'ono kuposa ya mtima ndipo ndiyo imayamba kutsekeka, choncho kufooka kawirikawiri kumakhala chenjezo loyamba la matenda a mtima, shuga kapena BP. Pa nkhani ya manyazi, malamulo monga HIPAA ya 1996 ku United States ndi POPIA ya 2013 ku South Africa amateteza chinsinsi cha wodwala.

Abambo onse omwe akumva pologalamuyi akupemphedwa kufotokozera dokotala vuto lawo mosabisa, kuyezetsa shuga ndi BP, komanso kufunsa tanthauzo la nambala iliyonse yomwe ili pa bilu yawo asanaisayine.