Phunziro: Mmene Chipongwe Chimadwalitsira Munthu Wonenepa

"Amayi, mulipira mipando iwiri." Kondakitala wa minibasi akatero, ena amaseka. Ena amati mawu otere amathandiza, chifukwa munthu akachita manyazi amayesetsa kuonda. Izi si zoona.

Pamwamba pa impso zathu pali tiziwalo tiwiri tating'ono. Munthu akachita mantha kapena akanyozedwa, tiziwaloti timatulutsa timadzi totchedwa cortisol. Timadzi timeneti timachulukitsa shuga m'magazi kuti thupi lipeze mphamvu zothawira ngozi. Ngozi ikatha, zonse zimabwerera m'malo mwake. Koma chipongwe cha tsiku ndi tsiku, kumsika, kuntchito ndi kunyumba komwe, sichipatsa thupi mpata wopuma. Magazi amathamanga kwambiri, tulo timasowa, munthu amalakalaka zotsekemera ndi zonona, ndipo mafuta amaunjikana m'mimba. Mafuta a m'mimba ndiwo amayandikitsa munthu ku matenda a shuga ndi a mtima.

Mu 2013, Angelina Sutin ndi Antonio Terracciano a ku Florida State University, ku America, anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu oposa 6,000 kwa zaka zinayi. Kusalidwa chifukwa cha thupi sikunathandize anthu kuonda. M'malo mwake, amene ankasalidwa anali pachiopsezo chachikulu chonenepa kwambiri kapena kukhalabe onenepa poyerekeza ndi anzawo amene sankasalidwa.

Manyazi amatsekeranso munthu m'nyumba. Amene amasekedwa akamathamanga m'mawa amangosiya. Chimodzimodzinso kuchipatala. Mayi amene bondo likumupweteka akauzidwa kuti "ingochepetsani nsima" asanapimidwe n'komwe, ulendo wina sapitanso. Kenaka amazengereza kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo matenda amadziwika mochedwa.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Kunenepa ena amakuyamikira kuti ndi chizindikiro cha ndalama kapena banja labwino, ndipo woonda amanong'onedwa kuti ali ndi kachilombo. Choncho munthu amaopa kuonda, komanso amanyozedwa akanenepa. Tisaiwalenso kuti kunenepa sikubwera chifukwa cha dyera lokha ayi. Kumayendera kumtundu, ndipo mankhwala ena, monga dolutegravir amene ali mu ma ARV ambiri masiku ano, amanenepetsa anthu ena. Womwa ma ARV asawasiye chifukwa cha zonena za anthu. Akaona thupi likusintha, akambirane ndi adokotala.

Ngati ndinu wonenepa, samalaninso ndi ichi kuchipatala: poyezetsa BP (kuthamanga kwa magazi), yang'anani lamba amene amamangidwa pamkono. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo munthu angapatsidwe mankhwala osayenera. Ngati lambayo akuthina, palibe cholakwika kunena kuti, "Anesi, kodi pali lamba wokulirapo?"