PHUNZIRO: MPHETE YA CHINKHOSWE

Kuwerenga: Genesis 24:22-58, Luka 14:28-30

Amayi anzathu, masiku ano kuno ku Madisi ngakhale kumidzi ya ku Ntchisi, chinkhoswe chopanda mphete ena akuchiona ngati chosakwanira. Anyamata ena akulowa nazo m'katapila, ena akuchedwetsa ukwati. Ana athu tiwalangize bwanji?

Mwambowu unachokera kuti?

Makolo athu ankadziwa chikole, kamphatso kamene mnyamata ankapatsa mtsikana posonyeza kuti watsimikiza. Pachinkhoswe ankhoswe a mbali ziwiri amapatsana tambala ndi msoti, ndipo banja likamagwedezeka iwowo ndiwo amathamangira. Mphete ya chitomero idachokera ku Ulaya. Mu 1477 Maximilian wa ku Austria adapatsa Mary wa ku Burgundy mphete ya dayamondi, koma zimenezi zinali za mafumu ndi olemera. Zidafala kwa anthu wamba kampani ya De Beers italimbikira kutsatsa dayamondi m'zaka za m'ma 1940. Choncho mwambo wa mphete yodula adaukuza ndi amalonda.

Tiphunzire kwa Rebeka

Wantchito wa Abrahamu adapatsa Rebeka mphete ya golide yovala pamphuno ndi zibangili ziwiri. Koma nkhani sidathere pamphete. Iye adakakhala pansi ndi Labani ndi Betuele, ndipo pambuyo pake Rebeka mwini wake adafunsidwa ngati akulola kupita. Ifenso tisachititsidwe khungu ndi kunyezimira. Mwana wathu wavomera yekha? Atsibweni ake akudziwa? Wakwana zaka 18? Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salolanso ukwati wa mwana wosakwana zaka zimenezi, ngakhale makolo atavomereza.

Pogula mphete

1. Ayambe awerengera ndalama, monga akutiphunzitsira Luka 14. Ndalama ya feteleza kapena ya fizi isathere pachala. Amene amadalira fodya, soya kapena mtedza adikire agulitse kaye.

2. Ayang'ane manambala m'kati mwa mphete. 925 ndiye siliva, 375 ndi golide wa makarati 9, ndipo 750 ndi golide wa makarati 18. Zilembo GP zikutanthauza kuti golideyo ndi wongopaka pamwamba. Manambala nawonso ena amanamiza, choncho agule pasitolo yodziwika ndipo atenge lisiti.

3. Mphete zambiri zotchipa zapamsika ndi za kopa kapena bulasi. Zimasuluka ndipo zimasiya chala chobiriwira. Kugula yotere si tchimo, koma mtsikana auzidwe zoona. Bodza la patsiku la chinkhoswe limadzawawa m'banja.

4. Ayeze chala ndi ulusi madzulo, chifukwa zala zimatupako kukatentha.

5. Mtsikana wolima, wochapa ndi wosinja imamukhalitsa ndi mphete yosalala. Ya mwala wotuluka imakola zovala ndipo mwalawo suchedwa kugwa.

Tikumbukenso kuti kutchalitchi kudzafunika mphete ya ukwati. Ngati ndalama ndi yochepa, ndi nzeru kusungira imeneyo.

Mafunso okambirana

a) Kodi ife amayi sitiwonjezera mtolo poyerekeza mphete ya mwana wathu ndi ya mwana wa mnzathu?

b) Mnyamata wakhalidwe labwino atabwera ndi ankhoswe koma wopanda mphete, timulandira bwanji?

c) Ankhoswe a ana athu timawasankha mosamala ngati mmene timasankhira mphete?

Pemphero

Ambuye, patsani ana athu mtima woona ndi wokhutira, ndipo ife mutipatse nzeru zowalangiza mwachikondi. Amen.