Mapale a M'munda

Alimi a ku Chiringa, kufupi ndi phiri la Michesi, akamagalauza minda yawo, nthaŵi zina khasu limafukula mapale. Ambiri amangowataya kumalire a munda. Koma ena mwa mapaleŵa ndi akale kwambiri, ndipo amatiuza za anthu amene palibe gogo aliyense angawakumbukire.

Kalekale m'dziko muno munkakhala Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso. Zaka zoposa 1,500 zapitazo kunafika anthu ena odziŵa kulima mapira ndi maŵere, kusungunula chitsulo m'ng'anjo, ndi kumanga nyumba zamitengo zomata ndi dothi. Chimanga sankachidziŵa, popeza chinachokera ku America patapita zaka zambiri. Nyumba zawo zinagwa, nkhokwe zinadyedwa ndi chiswe. Koma dothi lootcha siliwola. Nchifukwa chake mbiya zawo zosweka zikalipo.

Katswiri wina wofukula zakale, dzina lake Keith Robinson, anapeza mapale otere ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Kuyambira pamenepo mbiya za mtundu umenewo zimatchedwa za Nkope. Milomo yake ndi yochindikala, ndipo m'khosi mwake muli mizere ndi timadontho tosindikiza dongo lisanaume. Mbiya zina ankazipaka dothi lofiira, zina nkuzikulungiza ndi mwala wakuda mpaka zinyezimire. Mmisiri wosamala chotere sanali kungofuna chophikira ayi, ankafunanso chokongola.

Pambuyo pake Robinson anafufuzanso dera la kumpoto ndi kum'maŵa kwa phiri la Mulanje, kumene kuli Phalombe, ndipo buku la zimene anapeza linatuluka m'chaka cha 1977.

Mwana amaphunzira kuumba poona amayi ake, choncho zolemba za pa mbiya sizisintha msanga. Akatswiri akapeza zolemba zachilendo pamwamba pa zakale m'nthaka, amadziŵa kuti panafika anthu ena kapena luso lina. Phale likachotsedwa pamalo pake popanda wodziŵa, nkhani yake imatayika.

Mafunso
1. Kodi alimi oyamba ankalima mbewu zanji?
2. Chifukwa chiyani mapale saonongeka m'nthaka?
3. Kodi dzina loti Nkope linachokera kuti?
4. Funsani woumba mbiya wa kwanu mmene amakongoletsera mbiya zake. Lembani zimene mwamva.