Phunziro: Mbalame ndi Zenera la Galasi

Mwana wanga, wandifunsa chimene chinagwetsa pumbwa uja pansi pa zenera la kalasi yathu. Wafunsa bwino. Tiye tiyambe ndi chophweka.

Mbalame silidziwa galasi. Iwe ukaona felemu umadziwa kuti apa pali zenera, koma mbalame imakhulupirira chimene maso ake aona.

Nanga imaonanji? Imaona chithunzithunzi. Chithunzithunzi ndi maonekedwe a chinthu amene galasi limabweza, monga nkhope yako pakalilole. Panja pakawala, m'nyumba muli mdima, zenera limasanduka kalilole. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala uli pabwalo umaonekeranso m'galasimo, ndipo pumbwa amauluka molunjika kuti akatere pa nthambi imene kulibe.

Kuno ku Mabvuku ndi ku Tafara tayandikana ndi damu la Cleveland, ndipo anzathu a ku Mbare ali m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi. Mbalame n'zambiri. Nyumba zowonjezeredwa zipinda nazonso zachuluka, zina za magalasi akuda onyezimira, amene amabweza chithunzithunzi kuposa galasi wamba. Vutoli si laling'ono: kafukufuku wa mu 2014 anayerekezera kuti ku United States kokha mbalame zapakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa chaka chilichonse pogunda nyumba, makamaka mawindo.

Tsopano mankhwala ake. Galasi lionetsedwe kuti ndi khoma. Tenga sopo wamtanda, laimu kapena penti, ulembe timadontho kapena mizere pazenera lonse. Malamulo ndi awiri. Loyamba: ulembe kunja kwa galasi, chifukwa chithunzithunzi chili kunja. Lachiwiri: mpata pakati pa zizindikiro usapitirire masentimita 5, chifukwa mbalame inazolowera kudutsa m'mipata ya nthambi. Ndibwereze: kunja, ndiponso masentimita 5. N'chifukwa chake chithunzi chimodzi cha kabawi chomatidwa pakati pa zenera sichithandiza; mbalame imangochilambalala n'kugunda pambali. Waya wotchinga udzudzu woikidwa kunja amathandizanso kwambiri.

Ukapeza mbalame itakomoka, uiike m'katoni yoboola timabowo, pamalo amdima ndi abata, kutali ndi mphaka. Usaimwetse madzi. Pakatha ola limodzi kapena awiri, ukaitsegulire panja. Ikalephera kuuluka, akulu akuthandize kufunsa a BirdLife Zimbabwe komwe ingathandizidwe.

Mawa ubwere ndi kachidutswa ka sopo ndi rula. Tidzayambira pazenera lomwe lija.